BAMBO GEORGES LEMAÎTRE, WANSEMBE AMENE ADAFUFUZA CHIYAMBI CHA THAMBO

M'mwezi wa Okotobala chaka cha 1927, mu mzinda wa Brussels, likulu la dziko la Belgium, mudachitika msonkhano wa akatswiri a sayansi otchuka koposa a masiku amenewo. Wansembe wina wa zaka 33, wosadziwika kwenikweni kunja kwa sukulu imene ankaphunzitsako, adapeza mpata woyenda pang'ono m'munda wa maluwa pamodzi ndi Albert Einstein, munthu amene dzina lake lidamveka kale m'maiko onse. Wansembeyo adamfotokozera zimene adapeza m'masamu ake, zakuti thambo lonse silili chiimire monga anthu ankaganizira, koma likufutukuka. Einstein adavomera kuti masamuwo adalibe cholakwa, koma adanena mosapsatira kuti ganizolo lidamnyansa. Wansembe uja adabwerera ku ntchito yake osasintha maganizo. Ameneyu ndiye Bambo Georges Lemaître, ndipo zisanathe zaka zinai amene adasintha maganizo ndi Einstein.

Georges Lemaître adabadwa pa 17 Julayi 1894 ku Charleroi, mzinda wa migodi ya malasha ndi mafakitale a magalasi. Iye adali woyamba mwa ana anai a Joseph Lemaître ndi Marguerite Lannoy, banja la Akatolika olimbika. Adaphunzira kwa ansembe a chipani cha Yesu, poyamba ku Charleroi komweko, pambuyo pake ku Brussels kumene banja lidasamukira mu 1910, fakitale ya magalasi imene atate ake ankayang'anira itapsa ndi moto. Akali mnyamata adaulula kuti mtima wake ukufuna zinthu ziwiri, unsembe ndi sayansi. Atate ake sadamletse, koma poona umo chuma chimatheramo adamlangiza kuti ayambe waphunzira ntchito yogwirika. Tsono mu 1911 Georges adalowa m'yunivesite ya Katolika ya ku Louvain kuti aphunzire ntchito ya uinjiniya wa m'migodi.

Nkhondo ndiyo idadula maphunzirowo. Dziko la Belgium nlaling'ono, ndipo mafumu a ku Ulaya adapangana mu 1839 kuti lisamaloweko m'nkhondo zao, naonso asamaliputa. Koma pa 4 Ogasiti 1914 asilikali a Ajeremani adaswa panganolo, nadutsa m'Belgium pofuna njira yachidule yokathirira nkhondo dziko la France. Kumapeto kwa mwezi womwewo adatentha mzinda wa Louvain, napha anthu wamba ambiri. Nyumba ya mabuku ya yunivesite idapsa psiti, ndi mabuku oposa 200,000, ena mwa iwo olembedwa pamanja zaka mazanamazana zapitazo. Georges ndi mng'ono wake Jacques adali atalembetsa kale usilikali mwa kufuna kwao.

Mu Okotobala 1914 adamenya nao nkhondo yoopsa ya pa mtsinje wa Yser, pamene Mfumu Albert ndi asilikali ake otsala adatsekula zotsekera madzi a m'nyanja namiza dambo lonse kuti adani asapitirire. Pambuyo pake adamuika m'gulu la mizinga, ndipo adakhala m'matope a kumeneko mpaka nkhondo idatha mu 1918. M'thumba lake munkakhala Malembo Oyera ndi mabuku a sayansi, makamaka a katswiri wa ku France, Henri Poincaré. Zimasimbidwa kuti tsiku lina, pa maphunziro a asilikali ofuna kukwezedwa, iye adaonetsa mphunzitsi cholakwa m'buku la kaombedwe ka mizinga. Mphunzitsiyo adapsa mtima namchotsa m'kalasi. Udindo waukulu sadaupeze, komabe adabwerako ndi mendulo ya kulimba mtima.

Atabwerera ku Louvain adasiya za migodi natsata masamu, ndipo mu 1920 adamaliza ndi ulemu waukulu. Chaka chomwecho adalowa m'seminale ya ku Malines, m'nyumba ya ofika ku unsembe atakula kale. Ambuye Kadinala Désiré Mercier, mbusa yemwe adalimbitsa mitima ya anthu a ku Belgium pa zaka zonse za nkhondo, adamdzoza unsembe pa 22 Sepitembala 1923. Ambiri amaganiza kuti Bambo Lemaître adali a chipani cha Yesu, koma si choncho ai. Adali wansembe wa dayosizi. Adalowa m'kagulu ka ansembe kotchedwa Abwenzi a Yesu, kamene Kadinala Mercier adakayambitsa, nachita malumbiro a umphawi ndi kudzipereka, nalonjeza kupatula ola lathunthu tsiku ndi tsiku kuti asinkhesinkhe mwakachetechete pamaso pa Mulungu. Za kaguluka sankakamba kwa anthu, kotero kuti anzao ambiri a sayansi sadadziwe kanthu kufikira iwo atamwalira.

Ali m'seminale adawerenga okha, popanda wowaphunzitsa, chiphunzitso chatsopano cha Einstein chonena za mphamvu yokoka imene imagwira dziko, dzuwa ndi nyenyezi. Zimene adalemba pa nkhaniyi zidawapezetsa ndalama za ulendo, ndipo atangodzozedwa adapita ku Cambridge kukaphunzira kwa Arthur Eddington. Eddington ameneyu ndiye adapita ku chilumba cha Príncipe, kumadzulo kwa Africa, kukajambula kadamsana wa pa 29 Meyi 1919, natsimikiza kuti kuwala kwa nyenyezi kumakhota pang'ono podutsa pafupi ndi dzuwa, monga momwe Einstein adaneneratu. Chidali chinthu chachilendo kuti Mngelezi atsimikize nzeru za munthu wa ku Germany mabala a nkhondo asanapole, pamene mabungwe ambiri a sayansi ankakana kukhala pamodzi ndi Ajeremani. Kuchokera ku Cambridge, Bambo Lemaître adaolokera ku America, nakhala chaka ku Harvard ndi ku sukulu yotchedwa Massachusetts Institute of Technology, nayendera malo akuluakulu oonerako nyenyezi.

Kuti ntchito yao imveke, pafunika kuyamba tadziwa zimene zinkavuta akatswiri pa zaka zimenezo. Mzere woyera umene umaoneka kumwamba usiku wopanda mwezi, umene makolo adautcha Mlalang'amba, ndi khamu la nyenyezi zosawerengeka, ndipo dzuwa ndi imodzi mwa izo. Koma m'makina oonera kutali munkaonekanso timitambo tina towala mwachizimezime, ndipo akatswiri ankatsutsana ngati tili m'kati mwa Mlalang'amba kapena kunja kwake. Mai wina wa ku Harvard, Henrietta Leavitt, adapeza mu 1912 kuti nyenyezi za mtundu wina zimawala ndi kuzilala mobwerezabwereza, ndipo nthawi imene imodzi imatenga potero imaulula mphamvu yeniyeni ya kuwala kwake. Wodziwa mphamvu ya nyale angathe kudziwa kutalika kwa pamene yaikidwa poona umo ikuonekera. Ndi muyeso umenewu Edwin Hubble adalengeza pa chiyambi cha 1925 kuti kamtambo kotchedwa Andromeda ndi mlalang'amba wina paokha, wakutali zedi. Lero zidziwika kuti kuwala kwake, kumene kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, kumatenga zaka 2.5 miliyoni kuti kufike kuno.

Padalinso chinthu china chozizwitsa. Galimoto likamabwera likuliza hutala, liu lake limamveka lokwera, ndipo likangodutsa limamveka lotsika. Kuwala nakonso kumatero: chinthu chowala chikamathawa, kuwala kwake kumapendekera ku mtundu wofiira. Vesto Slipher wa ku Arizona adayesa kuwala kwa timitambo tija kuyambira mu 1912, napeza kuti pafupifupi tonse tikuthawa, tina pa liwiro loposa makilomita 1,000 pa sekondi. Chifukwa chake padalibe wochidziwa.

Bambo Lemaître adabwerera ku Louvain mu 1925 ali ndi zinthu zitatu m'manja: masamu a Einstein, miyeso ya kutalika ya Hubble, ndi miyeso ya liwiro ya Slipher. Aliyense mwa atatuwo adagwira nthambi yake. Woyamba kuona kuti nthambizo nza mtengo umodzi adali wansembe ameneyu. Mu 1927 adasindikiza kalata yaifupi m'Chifalansa, m'magazini a bungwe la sayansi la ku Brussels. M'menemo adaonetsa kuti milalang'amba sikuuluka m'thambo ngati mbalame zobalalika, koma danga lenilenilo limene lili pakati pake ndilo likukula. Munthu atenge mphira ya legeni, alembepo madontho ndi khala motalikirana mofanana, kenaka aikoke. Dontho loyandikana ndi chala chake lisuntha pang'ono, lachiwiri lisuntha kawiri kuposa loyambalo, lachitatu katatu, ngakhale palibe dontho limene layenda pa mphirapo. Ndiponso nyerere yokhala pa dontho lina lililonse idzaona madontho ena onse akuithawa, nidzayesa kuti iyo ndiyo ili pakati. Motero, adatero masamu a Bambo Lemaître, mlalang'amba wotalikira kawiri uyenera kuthawa ndi liwiro lowirikiza kawiri. Adatenga milalang'amba 42 nawerengera liwirolo, napeza makilomita 625 pa sekondi pa mtunda uliwonse umene kuwala kumayenda zaka 3.26 miliyoni.

Kalatayo idagwera pa thanthwe. Magazini aja sankawerengedwa kwenikweni kunja kwa Belgium. Eddington adalandira yake naiika pambali, naiiwala. Einstein, pa kukumana kuja, adawauza kuti katswiri wa ku Russia, Alexander Friedmann, adapeza kale masamu ofanana mu 1922. Friedmann adali atamwalira mu 1925, ndipo Bambo Lemaître adali asanamvepo za ntchito yake. Kusiyana kwake nkwakuti Friedmann adachita masamu okha, osawalumikiza ndi zooneka kumwamba. Mu 1929 Hubble adasindikiza miyeso yake yoonetsa kuti liwiro limakuladi molingana ndi kutalika, ndipo dziko lonse lidatcha lamuloli dzina la Hubble.

Mu Januwale 1930, pa msonkhano ku London, Eddington adadandaula kuti palibe amene wapeza masamu ofotokoza zimene Hubble waona. Bambo Lemaître atawerenga zimenezo adamlembera mphunzitsi wao wakaleyo mwaulemu, kumkumbutsa za kalata ija. Eddington adachita manyazi, koma adali munthu wachilungamo: adalengeza ponseponse kuti yankho lidapezeka kale, nakonza kuti kalatayo imasuliridwe m'Chingelezi mu 1931. M'kumasulirako ndime zowerengera liwiro zija sizidaoneke, ndipo kwa zaka zambiri ena ankanong'ona kuti munthu wina adazichotsa dala pofuna kuteteza ulemu wa Hubble. Mu 2011 katswiri Mario Livio adafukula makalata akale ku London, napeza kuti womasulira ndi wochotsa adali mwini wake. Bambo Lemaître adaona kuti miyeso yatsopano ya Hubble yaposa yao, ndipo sadaone phindu kubwereza zakale. Ndi akatswiri owerengeka amene akadataya mwai wotere mosadandaula.

Mitima yao idali itapita kale patsogolo. Ngati thambo likufutukuka, ndiye kuti dzulo lidali laling'ono kuposa lero, ndipo munthu akabwerera m'mbuyo m'maganizo adzafika pa nthawi imene zonse zidali zothithikana pamodzi. Mu Meyi 1931 adalemba kalata ina, yosadzaza ndi tsamba lomwe, m'magazini a ku London otchedwa Nature. Adanena kuti chilengedwe chonse chidayamba ngati atomu imodzi yoyamba, imene idagawikana nigawikanabe, ndipo kuti nthawi ndi danga zidayambira pomwepo, kotero kuti kufunsa za dzulo la tsiku limenelo kulibe tanthauzo m'sayansi. Pano ngakhale abwenzi ao adabwerera m'mbuyo. Eddington adati ganizo la chiyambi limamuipira. Einstein adakayika kuti mwina wansembeyo akulowetsa katekisimu m'masamu pakhomo la kuseri.

Kukayika kumeneku kudawatsata moyo wao wonse, ndipo kudali kopanda chilungamo. Pa pepala limene adakonzera kalata ya mu Nature padali ndime yomaliza yonena za Mulungu amene adabisika ngakhale pa chiyambi penipeni. Iwo adaikhwatcha asanatumize. Sadachite izi chifukwa cha mantha, popeza ankapita ku misonkhano yonse atavala zaunsembe, koma chifukwa adaphunzira bwino kwa Tomasi Woyera wa ku Aquino kuti chiyambi ndi chilengo nzinthu ziwiri zosiyana. Kunena kuti dziko lidalengedwa ndiko kunena kuti kukhalapo kwake konse kumatsamira pa Mulungu, lero monga pa tsiku loyamba, ndipo zimenezi sizioneka m'makina oonera nyenyezi. Kunena kuti thambo lidayamba kufutukuka zaka zakutizakuti zapitazo ndi nkhani ya miyeso, imene mawa ingakonzedwe. Ankakonda mau a mneneri Yesaya onena za Mulungu wobisika, ndipo ankaphunzitsa kuti Malembo Oyera adapatsidwa kuti aonetse njira ya chipulumutso, osati kuti akhale buku la masamu a nyenyezi. Akatekisti amene amafunsidwa ndi ana a sukulu za masiku asanu ndi limodzi a m'buku la Genesis adzazindikira kuti funsoli silidayambe lero.

Mu Januwale 1933 adakumananso ndi Einstein ku Pasadena, m'dziko la America, ndipo ulendo uno Einstein adawamvetsera mwaulemu nayamika mafotokozedwe ao. Anyuzi adathamangira kujambula wansembe ndi katswiri wachiyuda ataimirira pamodzi. Kumapeto kwa mwezi womwewo Adolf Hitler adatenga ulamuliro ku Germany. Einstein sadapondenso kwao. Adatsikira ku Belgium, nabweza zikalata zake za unzika wa Germany, nakhala miyezi ingapo m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja wotchedwa De Haan, alonda akumlondera. Bambo Lemaître adathandiza kumkonzera misonkhano yophunzitsa ku Brussels pa nthawi imene ambiri ankaopa kuoneka naye. Chaka chotsatira Mfumu Leopold III adawapatsa mphotho ya Francqui, yaikulu koposa ya sayansi m'dzikomo, ndipo Einstein adali mmodzi mwa owavomereza. Mu 1936 Papa Pius XI adawasankha kukhala m'Bungwe la Apapa la Sayansi limene adangolikhazikitsa kumene.

Sikuti zonse zimene adaganiza zidali zoona. Adakhulupirira kuti timphamvu tina timene timagwa pa dziko kuchokera kumwamba ndi zotsalira za atomu yoyamba ija, ndipo adatha zaka zambiri akuwerengera njira zake pamodzi ndi Manuel Sandoval Vallarta wa ku Mexico. Lero zidziwika kuti timphamvuto tambiri timachokera ku nyenyezi zophulika ndi zinthu zina za m'milalang'amba. Padalinso vuto lalikulu: liwiro limene iwo ndi Hubble adapeza lidasonyeza kuti thambo lili ndi zaka ngati 2 biliyoni zokha, pamene miyala ya pansi pano inkaoneka yakale kuposa apo. Mwana sangakule kuposa amai ake. Bambo Lemaître adayankha kuti m'masamu a Einstein muli nambala ina, yoimira mphamvu yokankha, imene ingachititse kuti kufutukuka kuyambe mwaliwiro, kuzengereze nthawi yaitali, kenaka kufulumirenso. Einstein, amene adaiyambitsa nambalayo, adali ataitaya ndipo sadafune kuimvanso. Awiriwa adatsutsana pa nkhaniyi m'makalata kufikira ukalamba.

Pa 10 Meyi 1940 Ajeremani adalowanso m'Belgium. Bambo Lemaître adathawa ndi makolo ao kulinga ku nyanja, koma njira idatsekeka, nabwerera. Nyumba ya mabuku ya ku Louvain, imene idamangidwanso ndi mphatso za maiko ambiri, idapsa kachiwiri, ulendo uno ndi mabuku pafupifupi 900,000. Yunivesite ya ku Brussels, imene idali yotchuka ndi kusagwirizana ndi Eklezia, itatsekedwa mu 1941, Louvain idalandira ophunzira ake, ndipo Bambo Lemaître adali mmodzi mwa owaphunzitsa. Mkulu wa yunivesite, Ambuye Van Waeyenbergh, adamangidwa mu 1943 chifukwa chokana kupereka maina a ophunzira kuti akagwire ntchito ya thangata. Mu Meyi 1944 mabomba a ndege za maiko odzawapulumutsa adagwetsa nyumba imene Bambo Lemaître ankakhalamo. Adapulumuka, nasamukira kwa amai ao ku Brussels, amene adali amasiye kuyambira 1942, ndipo adawasamala kufikira imfa yao. Zaka zimenezi zidawalekanitsa ndi akatswiri anzao, ndipo nkhondo itatha sadabwererenso pa mpando wa patsogolo.

Nthawi ya udani wa pakati pa Russia ndi maiko a kumadzulo, chiphunzitso chao chidakanidwa mbali ziwiri. M'dziko la Stalin akuluakulu a chipani adachitcha nthano ya ansembe, popeza chikomyunizimu chinkaphunzitsa kuti zinthu zilibe chiyambi. Motero dziko limene lidabala Friedmann lidakhala zaka zambiri likunyoza zipatso za masamu ake. Ku England, mu 1948, Fred Hoyle, Hermann Bondi ndi Thomas Gold adabweretsa ganizo lakuti thambo likufutukukadi koma lilibe chiyambi, chifukwa zinthu zatsopano zimaoneka pang'onopang'ono kudzaza mipata. Hoyle ndiye adatcha chiphunzitso cha Bambo Lemaître dzina loti Big Bang, ndiye kuti kuphulika kwakukulu, polankhula pa wailesi ya BBC mu 1949, ndipo dzinalo lidakanirira. Komabe awiriwa sadadane; mu 1957, utatha msonkhano wa ku Vatican, adayenda ulendo wautali pa galimoto limodzi.

Chiyeso chovuta koposa chidachokera kwao komwe. Pa 22 Novembala 1951 Papa Pius XII, amene ankakonda kwambiri za nyenyezi, adalankhula kwa Bungwe la Sayansi lija, nanena mokondwa kuti sayansi ya masiku ano ikukhala ngati ikuchitira umboni mphindi ija pamene Mulungu adalamula kuti kuyere. Anyuzi adalengeza kuti Papa wadalitsa Big Bang. Bambo Lemaître adali m'chipindamo, ndipo sadakondwe. Adaona kuti adani a chiphunzitsocho apatsidwa chibonga, ndiponso, chachikulu, kuti chikhulupiriro cha anthu chikamangidwa pa chiphunzitso cha sayansi chimene chidali chisanatsimikizike, tsiku limene chiphunzitsocho chidzagwe chidzagwetsa ndi ofooka omwe. Sadatsutse Papa poyera. Olemba mbiri yao amati adapereka nkhawa zao mwakachetechete kudzera mwa akuluakulu a ku Roma, mmodzi wa iwo Bambo Daniel O'Connell, woyang'anira nyumba yoonera nyenyezi ya Vatican. Chodziwika nchakuti mu Sepitembala 1952, polankhula kwa akatswiri a nyenyezi a maiko onse osonkhana ku Roma, Papa sadabwerezenso mau aja. Pa msonkhano womwewo Walter Baade adaulula kuti miyeso yakale ya kutalika idali yoperewera ndi theka, ndipo vuto lija la mwana woposa amai ake lidayamba kusungunuka.

Ophunzira ao amawakumbukira ngati munthu wojintcha, wa phwete lomveka patali, wokonda chakudya chabwino ndi kuimba piyano, wosasunga dongosolo pophunzitsa, amene ankatha kusiya phunziro la tsikulo natsata funso limene lawagwira pa bolodi. Pa unyamata wao adakhalapo wansembe wa ophunzira a ku China okhala ku Louvain, naphunzirako chilankhulo chao. Atakalamba adakondetsa makina owerengera, ndipo mu 1958 adabweretsa kompyuta yoyamba pa yunivesiteyo. Mu 1960 Papa Yohane XXIII adawapatsa ulemu wa Monsinyo nawaika kukhala mtsogoleri wa Bungwe la Apapa la Sayansi. Zaka zao zotsiriza zidawawa ndi mkangano wa zilankhulo: olankhula Chifulemishi ankafuna kuti olankhula Chifalansa achoke ku Louvain, iwo adatsutsa, ndipo anyamata ena adawaswera mazenera. Yunivesite idagawikadi pawiri iwo atamwalira.

Mu Disembala 1964 adadwala mtima, ndipo sadapezenso bwino kwenikweni. Nthawi yomweyo, ku New Jersey m'dziko la America, Arno Penzias ndi Robert Wilson ankavutika ndi kaphokoso kosalekeza m'makina ao omvera mafunde a wailesi ochokera kumwamba. Adayesa zonse, mpaka kupirikitsa nkhunda zimene zidamanga zisa m'makinamo ndi kukolopa zitosi zake, koma kaphokosoko kadamvekabe, usana ndi usiku, kuchokera mbali zonse mofanana. Mu 1965 zidadziwika kuti ndi kutentha kotsalira kwa moto wa pa chiyambi, kumene kudazirala m'kupita kwa zaka mabiliyoni. Chotsalira chimene Bambo Lemaître adachifunafuna pa malo olakwika chidapezeka potsiriza. Wothandiza wao, Odon Godart, adawafikitsira nkhaniyi ali gone m'chipatala ku Louvain. Adamwalira ndi nthenda ya khansa ya m'magazi pa 20 Juni 1966, ali ndi zaka 71, ndipo adaikidwa m'manda a banja lao ku Marcinelle, pafupi ndi kumene adabadwira.

Mu 1998 magulu awiri a akatswiri, poyesa nyenyezi zophulika za kutali, adadabwa kupeza kuti kufutukuka kwa thambo kukufulumira, ndipo nambala ija imene Einstein adaitaya, Bambo Lemaître naikakamira, idabwezedwa m'masamu; atsogoleri a maguluwo adalandira mphotho ya Nobel mu 2011. Makina a Planck, amene maiko a ku Ulaya adaponya m'mlengalenga, adaonetsa mu 2013 kuti papita zaka pafupifupi 13.8 biliyoni chiyambire kufutukukako. Liwiro limene iwo adaliwerengera 625 tsopano likupezeka pafupi ndi 70, ngakhale njira imodzi yoyesera ikupereka 67 ndi ina 73, ndipo kusiyana kumeneku kwadzetsa mtsutso waukulu pakati pa akatswiri. Makina a James Webb, amene adaponyedwa pa tsiku la Khrisimasi mu 2021, ajambula milalang'amba imene idalipo kale patangopita zaka ngati 300 miliyoni kuchokera pa chiyambi. Ndipo mu Okotobala 2018 bungwe la akatswiri a nyenyezi a maiko onse lidaponya voti, anthu 78 mwa 100 alionse navomera kuti lamulo lija lizitchedwa la Hubble ndi Lemaître.

Kumapeto kwa 2022 a wailesi ya kanema ya ku Belgium adalengeza kuti apeza filimu imene idasokera m'nkhokwe zao chifukwa idalembedwa dzina lolakwika. Idajambulidwa mu 1964, ndipo njotalika pafupifupi mphindi 20. M'menemo Bambo Lemaître akuoneka atakhala pansi, atavala kolala yao yaunsembe ndi mandala, akuyankha m'Chifalansa mafunso onena za Hoyle ndi za atomu yoyamba, zaka ziwiri asanamwalire.